Kawaya Kamene Ghisaram Sankadula

Mukabwera ndi njinga yamoto yodwala pa shedi yanga yomatira matayala, pa msewu wa ku siteshoni kuno ku Balwara, mupeza nkhalamba yowonda ya nduwira yofiira itakhala pa tayala lakutha. Musanamalize n'kupereka moni komwe, iyo yatenga kale sipanala, yatsegula injini yanu, zitsulo zili mbwee pansi. Ena amakwiya. Ine ndimawauza kuti aisiye, siwalipiritsa kanthu. Ameneyo ndi mlamu wanga Ghisaram, mwamuna wa mlongo wanga Sugna, ndipo ine Pokar ndamudziwa zaka zoposa makumi anayi. Kale sanali munthu wotsegulatsegula zinthu. Akanalola kuti mumudule dzanja kusiyana n'kuti adule kawaya kamodzi.

Nkhani yake imayambira pa bambo ake, a Tulchha, amene ankasamala akavalo kunyumba yachifumu. Mu 1936 mfumu ya Balwara inafuna kukwatira mwana wa mfumu ya ku Sonagarh, ndipo inaitanitsa galimoto yodzamutengera kuchokera ku Mangalande, ku kampani ya Harwick ya mumzinda wa Coventry. Mlamu wanga ankaidziwa mbiri ya kampaniyi kuposa ya makolo ake. Akakupezani mwakhala, ankakuuzani kuti Harwick wamkulu anali mmisiri wa mawilo a ngolo, ana ake anayamba kupanga ngolo zokokedwa ndi akavalo za anthu olemera, zidzukulu n'kuchotsa akavalowo n'kuikapo injini, mpaka banja lachifumu la ku Mangalande linayamba kukwera galimoto zawo. Ine nkhani imeneyi ndinaimva mpaka makutu kuwawa.

Galimoto imene inabwera inali yaitali, yobiriwira modera, yopangidwira mkazi amene sayenera kuonedwa ndi amuna. Magalasi akumbuyo anali akuda, kuseri kwake kuli makatani. Pakati pa dalaivala ndi wokwera panali khoma la matabwa, ndipo mawu ankadutsa m'kapaipi kotulukira pafupi ndi khutu la dalaivala. Kalilole woonera m'mbuyo munalibe.

A Tulchha anawakweza sitima yapamadzi kukaphunzira kwa eni akewo miyezi isanu ndi umodzi. Anabwerako ndi chipewa, buku lachingerezi la zithunzi, ndi lamulo limodzi. Zonse za galimotoyo dalaivala ankaloledwa kugwira, kupatula kabokosi kamene kamatumiza moto ku mapulagi. Kameneko kanali komangidwa ndi kawaya, ndipo nsonga za kawayako zinali zofinyiridwa m'kachidindo ka mtovu kolembedwa chilembo cha kampani. Wotsegula anali munthu wa Harwick yekha. Ankabwera pa sitima kuchokera ku Bombay zaka ziwiri zilizonse ndi chikwama chachikopa, n'kudula kawayako, n'kusuzumira, n'kufinyapo chidindo chatsopano, n'kumwa tiyi, n'kumapita. Womaliza anabwera mu 1967. Chaka chotsatira a Tulchha, ali pa mphasa ya imfa, anathira madzi a mtsinje wopatulika wa Ganga m'manja mwa mwana wawo n'kumulumbiritsa kuti kawaya kameneko sadzakadula.

Pamenepo n'kuti ufumu utatha kale. Mfumu inamwalira, mwana wake anatsatira, njovu zinapita, magalimoto ena anagulitsidwa imodzi imodzi. Kunatsala mayi wamasiye m'nyumba za akazi, mkwatibwi uja wa ku Sonagarh, amene tonse tinkawatchula kuti Maji Sa, ndi galimoto yawo ija. Ghisaram anawayendetsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi osaona nkhope yawo. Ankaimika galimoto pakhomo, n'kutembenukira kukhoma, adzakazi n'kutchinga ndi nsalu mbali zonse. Akamva chitseko chatsekeka, ankakwera. Chimene ankadziwa cha Maji Sa chinali mawu a m'kapaipi basi.

Chaka chilichonse mvula ikatha ankapita nawo ku Sonagarh, makilomita makumi asanu ndi awiri. Abale awo kumeneko anali atatha, nyumba ya bambo awo ili yotseka. Sankatsika. Galimoto inkaima moyang'anana ndi chipata, iwo n'kupatula katani pang'ono pokha, pongokwana diso, n'kumayang'ana chipatacho mpaka mtima ukhazikike. Kenako m'kapaipi munkamveka kuti, "Tiye, Ghisa." Ulendo wonse unali womwewo.

Mu 1994 kunagwa mvula imene sitinaionepo. Makoma ankatuluka thukuta, machesi ankakana kuyaka. Mvula itatha, tsiku la ulendo wa ku Sonagarh, Ghisaram anapukusa injini, koma inangoti zii. Anayang'ana mafuta, mapulagi, mawaya onse. Moto sunkatuluka m'kabokosi kaja. Anatuma Dhapu, mdzakazi wokalamba wa Maji Sa, kukanena kuti adikire mwezi umodzi, munthu wa kampani akubwera. Yankho linabwera loti adikira.

Mwezi umenewo unatha zaka zisanu ndi zinayi.

Makalata ankamulembera mphunzitsi wa ku sekondale, anayi pa chaka. Palibe inayankhidwa. Mphunzitsiyo atatopa anamuuza kuti mwina kampaniyo kulibenso, koma mlamu wanga anangoseka. Anati kampani yokweza mafumu a ku Mangalande singafe ngati golosale. M'mawa uliwonse ankapukuta galimoto ija, n'kupukusa injini kakhumi kuti isagwire, n'kuzunguza mawilo amene anawakweza pa njerwa. Mpweya wa m'matayala ndinkapopa ndine, Lamlungu lililonse, ndipo sindinkapopa ndili chete.

"Alamu, mzungu wanu uja wafika?" ndinkatero. "Kapena akubwera wapansi kuchokera ku Mangalande?"

"Popa mpweya, iwe. Womata machubu ungadziwe chiyani za Harwick?"

"Ndikudziwa kuti ngamila ya mnansi wathu Kalu ikuyenda, Harwick wanu ali pa njerwa. Ndipatseni pulayala, ndikadule ine kawayako. Lumbiro munachita ndinu, ine sindinagwire nawo madzi amenewo."

"Ukakhudze uone. Mlongo wako ndimubweza kwanu lero lomwe."

"Mubwezeni! Mwina angadyeko chapati cha mafuta."

Tinkaseka, koma kunena zoona zinkandinyansa. Munthu wanzeru zake, manja ake odziwa chitsulo, ankaumirira mtunda wopanda madzi. Ndipo mwezi ukaoneka, Dhapu ankatsika ku galaja ndi funso lomwe lija lakuti, Maji Sa akufunsa ngati munthu wa kampani wabwera. Mlamu wanga ankayankha kuti posachedwa, maso ali pansi.

Galimoto ina anayesapo kuwapatsa. Ghisaram mwiniwake anasoketsa makatani a jipi ya mdzukulu wawo, Kunwar Sa, amene tsopano ndiye anali mwini nyumba yachifumu. Maji Sa anabweza mawu akuti: "Ndinachoka pa chipata cha bambo anga m'galimoto imeneyo. Chipata chikandiona m'galimoto ina chidzati ndakwatiwanso." Nkhani inathera pomwepo.

Tsono tifike pa sabata imene inamuphwanya munthuyu. Linali Lolemba, mvula ya 2003 itangotha. Ndinali m'galaja kubweza pampu pamene Kunwar Sa analowa ndi mlendo wa ku Mumbai, munthu wonenepa wa nsapato zoyera amene ankasonkhanitsa magalimoto akale a mafumu. Kunwar Sa ankasandutsa nyumba yachifumu kukhala hotela, ndipo galimotoyo anali ataigulitsa. Mlendoyo anaizungulira, anatsegula boneti, n'kuona kachidindo kaja. Anagwada pansi ndi thalauza lake loyera.

"Sikanadulidwepo?" anafunsa.

"Chiyambire 1967, bwana," anayankha Ghisaram, chifuwa chili patsogolo. Kenako anaweramira pafupi. "Bwana, inu mumayenda maiko. Mwina mungawakumbutse a Harwick. Makalata anga akuoneka kuti akusochera."

Mlendoyo anaseka mpaka kutsokomola. Atazindikira kuti nkhalambayo sikuchita nthabwala, anasiya.

"Madala, Harwick inafa mu 1969. Fakitale yawo inaphulitsidwa pa nkhondo, anaimanganso, koma mafumu ogula anali atatha. Ndinakafikako ine. Pamalopo pano amaimikapo mabasi. Palibe amene akubwera. N'chifukwa chake ndikuifuna galimotoyi. Chidindo chomaliza cha Harwick chimene chatsala chosadula mwina ndi chimenechi."

Ndinamuyang'ana mlamu wanga. Zaka zonsezi ndinkalakalaka wina atamuuza zimenezi, koma nditaona nkhope yake ndinalakalaka mlendoyo akanakhala bubu.

Kunwar Sa sanali munthu woipa mtima, koma anali wachangu. Anati lole ibwera Lachisanu m'mawa. Anati iye akupita ku Jaipur, abwera nayo limodzi loleyo.

"Ghisa-ji, mwatitumikira moyo wanu wonse," anatero. "Zipinda ziwiri za pamwamba pa galajayi n'zanu mpaka imfa, inu ndi mayi. Changa n'chimodzi. Galimoto ikwere lole momwe ililimu, chidindo chili pomwepo. Chikaduka, malonda aonongeka, ndipo ine sindidzakudziwani."

"Nanga Maji Sa, Hukum?" Hukum ndi mawu amene timayankhira a banja lachifumu.

"Agogo sakupitanso kulikonse. Dokotala wanena kuti chikondwerero cha Diwali chikubwerachi sachifika."

Atatuluka, Ghisaram anakhala pa sitepe ya galimoto. Anawerenga ndi zala: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Masiku atatu, ndipo kenako galimoto imene Maji Sa anaidikira zaka zisanu ndi zinayi ipita osawafikitsa pa chipata chija.

Lachiwiri anandikokera ku telefoni ya pa positi ofesi, buku la bambo ake lili m'khwapa. Ankafuna tiimbe nambala ya pa tsamba loyamba, nambala ya manambala anayi ya mu 1936. Mtsikana wa pa telefoni anayesa kumufotokozera kuti nambala yotere kulibe, koma iye anamugwirira mwendo mpaka anaimba katatu. Anthu pa mzere ankaseka. Titatuluka anati mwina ana a Harwick alipo, mwina mmodzi anasunga chofinyira chidindo. Ndinamufunsa kuti akafika bwanji kuno pofika Lachinayi, pa msana wa mbalame? Sanandiyankhe n'chipongwe ngati kale, ndipo zimenezo zinandiopsa.

Madzulo a tsiku lomwelo anatuma Dhapu kukapempha kuti galimoto ikokedwe ndi thirakitala mpaka ku Sonagarh. Maji Sa akhale m'kati momwemo, makatani otseka, chipata sichidziwa. Dhapu anabwerako msanga.

"Akuti wokokedwa ndi mtembo. Iwo akadali moyo."

Lachitatu anapita kwa wansembe wa kachisi wa pa msika kukafunsa ngati lumbiro la madzi a Ganga lingamasulidwe. Wansembeyo anati womasula ndi yemwe anakumanga. Ghisaram anachoka pamenepo n'kupita kumene anawotchera mtembo wa a Tulchha, kumene kuli kamwala kawo. Ndinamutsatira chapatali chifukwa Sugna anandipempha. Ndinamupeza atavula nduwira n'kuiika pa mwalapo, akulankhula mokweza ngati bambo akewo ndi ogontha.

"Bambo, munati munthu wa kampani yekha. Nanga kampani ikafa? Simunandiuze zimenezo! Munandisiya ndi chiyani ine? Yankhani!"

Anabwerera ku galaja n'kuyamba kupukusa injini ngati wamisala, ngati kuti ikaona thukuta lake imumvera chisoni. Anapukusa mpaka khungu la m'manja linasupuka. Sugna anatsika, n'kumulanda chitsulo chopukusiracho.

"Bambo a Meera, mwapenga? Mukufuna mufe musanafe?"

"Ndinawauza kuti adikire mwezi umodzi."

"Ndiye mudule? Tikagona kuti? Muli ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi chimodzi, mukufuna tikagone pa siteshoni ndi agalu? Maji Sa ali ndi denga lawo, ife lathu ndi lomweli. Pokar, auze alamu akowa!"

Ine amene ndinkakuwa zaka zonse kuti dulani, dulani, tsikulo ndinabwerera m'mbuyo n'kukatsamira khoma. Kudula kunali kosavuta pamene kunalibe mtengo wake. Tsopano madzi anali atafika m'khosi.

Tili chomwecho, Dhapu anatsika masitepe akugwira khoma. Sikunali kumayambiriro kwa mwezi, ndiye tonse tinadziwa kuti si funso lija. Anaima pakhomo, nsalu ili kumaso.

"Asiya kudya. Amva za lole. Akuti ndikuuzeni kuti musavutike mtima, Ghisa-ji. Akuti inu munasunga mawu a bambo anu, ndipo mwana wosunga mawu a bambo ake sangamukwiyire."

Akanamutukwana bwenzi zili bwino. Mlamu wanga anagwira mutu ndi manja onse awiri, magazi a m'manja n'kudetsa tsitsi lake loyera. Sugna anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakwera pamwamba.

Lachinayi ndinafika dzuwa likungotuluka, ndili ndi zida zanga zomatira. Palibe anandiitana, koma ndinadziwa. Ndinapeza galimoto yatsika pa njerwa, mafuta atsopano ali m'thanki, boneti ili yotsegula. Ghisaram anali atasamba, atavala yunifolomu yake yoyera ndi chipewa cha bambo ake. Sugna anali pakona akuwiritsa tiyi pa mbaula, maso ali ofiira. Pambali pake panali mitolo iwiri ya zovala, yomangamanga kale.

"Ndipatse pulayala yako," anatero mlamu wanga. "Ya bambo anga singagwire ntchito imeneyi."

"Ndidule ine, alamu. Mudzati ndinakuberani."

"Tchimo lobwereka kulibe. Bweretsa."

Anaphonya kawiri. Kachitatu kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati kuthyola kamtengo ka machesi. Kachidindo kanagwa pansi n'kugubuduka mpaka pa phazi langa. Pa nthawi yomweyo Sugna anathira tiyi m'makapu n'kuwaika pa benchi.

Ghisaram anachotsa chivundikiro. Anali asanaonepo m'kati mwa kabokosiko ndi maso, koma chithunzi chake cha m'buku anachiyang'ana zaka makumi anayi, ndiye chala chake chinapita chokha pamalo pake. Munali kachitsulo kakang'ono ngati chikhadabo, kamene kamayenera kumatsegula ndi kutseka kuti moto udumphe. Anakakankha, koma sikanasunthe. Chinyontho cha mvula ya chaka chija chinatupitsa pamene kamazungulira, n'kukagwira. Anakazula, anapempha sandipepala wanga wopalira machubu, anapala katatu kapena kanayi, anadonthezapo mafuta dontho limodzi, n'kukabwezera. Kanayamba kusewera pansi pa chala chake.

Anapita kutsogolo, n'kupukusa kamodzi. Injini inatsokomola. Kachiwiri inadzuka, n'kuyamba kulira mwakachetechete ngati yagona usiku umodzi wokha.

Ine ndinalumpha, ndinakuwa, ndinamumenya pamsana. Iye sanaseke. Anatenga kapu ya tiyi pa benchi, n'kuigwira ndi manja onse awiri, n'kundiyang'ana.

"Akadali wotentha, Pokar," anatero.

Sitinachedwe. Sugna anaika mandimu anayi kutsogolo kwa mawilo monga timachitira galimoto ikamayamba ulendo, ndipo inawaponda onse anayi. Pakhomo la nyumba za akazi panalibenso adzakazi okwanira, ndiye Sugna ndi Dhapu anatchinga ndi nsalu zoyala pabedi, ife titatembenukira kukhoma. Zinatenga nthawi yaitali. Ndinkamva mapazi akukwekwereza pansi, ndi mpweya wa munthu wotopa. Chitseko chitatsekeka tinakwera, ine pambali pa dalaivala chifukwa cha matayala okalamba aja, Dhapu kumbuyo ndi Maji Sa.

Mumsika anthu anasiya malonda. Okalamba ankaimirira n'kuphatikiza manja, ana ankathamangira m'mbuyo. Mlamu wanga sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Tayala limodzi linaphulika titadutsa mlatho wa theka la njira, ndipo sindinamatepo chubu mwachangu chotero m'moyo wanga. Nthawi yonseyi m'kapaipi simunatuluke mawu. Ghisaram ankangopendekera khutu kufupi nako, ndipo ndinadziwa chimene ankaopa.

Tinafika ku Sonagarh dzuwa lili pamutu. Chipata chinali chilipobe, chachitali, cha miyala yofiira, zitseko zake zamatabwa zili zotseka. Anaimika galimoto pamalo pake penipeni, pamene ankaimika zaka zonse zija, n'kuzimitsa injini.

"Tafika, Hukum," anatero m'kapaipi.

Tinadikira. Ndinkamvetsera kaphokoso ka mphete za katani, koma sikanamveke. Kenako mawu anatuluka, ofooka koma omveka bwino.

"Ghisa, munthu wa kampani anabwera?"

Ndinamugwira bondo kuti angovomera. Bodza limodzi likanamupweteka chiyani? Koma munthu ameneyu bodza salidziwa.

"Sanabwere, Hukum. Kampani inafa kalekale. Ndadula ndekha."

"Linali vuto lalikulu?"

"Ayi, Hukum."

"Zinakutengera nthawi yaitali bwanji?"

"Tiyi sanazizire, Hukum."

Kenako Maji Sa anati, "Tsika, ubwere kuno. Tsegula chitseko."

"Hukum, palibe nsalu zotchinga."

"Tsegula."

Anatsika, ndipo ine ndinatsika naye. Anatsegula chitseko maso ali pansi. Maji Sa anamuuza kuti adzutse mutu. Anadzutsa, ndipo inenso, Mulungu andikhululukire, ndinayang'ana. Pampando waukulu uja panali kamayi kakang'ono ka nsalu yoyera, kopepuka ngati mwana. Nsalu ya kumaso anali ataichotsa. Nkhope yawo inaloza kumene kunali mawu athu, koma maso onse awiri anali oyera mbuu. Dhapu ankalira mwakachetechete pambali pawo.

"Ndinamuletsa Dhapu kukuuza," anatero Maji Sa. "Ndinkaopa kuti ukamva usiya kulemba makalata, unene kuti wakhungu akaona chiyani. Zaka zisanu zoyambazo ndinkaona bwinobwino, Ghisa. Chachisanu ndi chimodzi ndinkaonabe kuwala. Ndinkati ukachita changu, mwina ndikaona ngakhale mthunzi wake."

Sanalankhule mokwiya. Anangonena ngati munthu wonena za mvula ya chaka chatha. Mlamu wanga anagwada m'fumbi ndi yunifolomu yoyera ija, chipewa cha bambo ake n'kugwa, osachitola.

"Usalire, nthawi ndilibe," anatero. "Wandibweretsa. Tsopano ndionere. Mbalame ziwiri zosema za pamwamba zilipo?"

Ndinafuna kuyankha m'malo mwake, koma anandigwira mwendo mwamphamvu. Anapukuta maso ndi mkono, n'kuyang'ana chipata chimene anaimikapo galimoto zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi osachiyang'anitsitsa n'kamodzi komwe.

"Zilipo, Hukum. Ya kumanzere yaduka mutu."

"Inaduka ndili mwana. Mchimwene wanga anaigenda. Nanga zitseko?"

"Zobiriwira, koma utoto wasupuka m'munsi."

"Misomali ikuluikulu yamkuwa?"

Anawerenga mmodzi mmodzi, mokweza, kuyambira pamwamba. Anawauza za mtengo umene unamera pa khoma, za mbuzi imene inagona pamthunzi, za loko wa dzimbiri. Iwo ankafunsa, iye ankayankha. Zinatenga pafupifupi ola lathunthu, dzuwa likutiwotcha. Potsiriza anabweza nsalu kumaso n'kutsamira.

"Tiye, Ghisa."

Lole inabwera Lachisanu. Mlendo wa nsapato zoyera ataona kawaya koduka anatukwana m'zilankhulo zitatu, koma galimoto anaitengabe. Kunwar Sa anasunga mawu ake, ndipo pofika Lamlungu mitolo iwiri ija inali kuseri kwa shedi yanga, kumene ndinawamangira kachipinda ka malata. Maji Sa anamwalira patatha masiku khumi ndi limodzi. Za zipinda zija mlamu wanga sanadandaulepo, ngakhale Sugna akamukumbutsa mvula ikamadontha. Za lumbiro la bambo ake satchulanso. Mbiri ya Harwick, imene inkatiwawitsa makutu, sindinaimvenso pakamwa pake.

Sabata yathayi kunabwera mnyamata wogulitsa mkaka ndi njinga yamoto imene inkadukiza moto. Ndinali ndi matayala atatu ondidikira, ndiye ndinamuuza kuti ikuyendabe, abwere nayo mawa. Anavomera, n'kukwera. Asanaponde n'komwe, nkhalamba ija inali itadzuka pa tayala lake n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Mawa ayi," inatero. "Tsika."